Kodi nkhani ya Mchinji mu insaikulopediya ikhale ndi chiyani?

Munthu wa ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku London akafuna kudziwa za Mchinji, amalemba dzinalo pa foni, ndipo chimene chimayamba kubwera kawirikawiri ndi nkhani ya mu insaikulopediya, makamaka Wikipedia. Ndime zochepa zimenezo zimayankhulira anthu oposa 600,000. Mwana wa sukulu amakopera momwemo, mtolankhani wakunja amatenga momwemo, ngakhale wolemba lipoti la bungwe amasuzumiramo. Choncho kusankha zolowa ndi zotsala ndi ntchito yofunika kuigwira mosamala. Awa ndi mafunso amene amabuka anthu akakhala pansi kuti alembe nkhani yotere.

Tikulemba za Mchinji uti, tawuni kapena boma lonse?

Funso ili liyambe kuyankhidwa, chifukwa zolakwika zambiri zimachokera pomwepa. Pali tawuni ya Mchinji, imene anthu amati pa Boma, pomwe pali ofesi ya DC, chipatala chachikulu, msika ndi siteshoni ya sitima. Ndiye pali boma lonse, lalikulu masikweya kilomita 3,356, lofika ku Mkanda, ku Kapiri, ku Kamwendo ndi ku Waliranji. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 28,011 m'tawuni, koma 602,305 m'boma lonse. Wolemba akasakaniza manambala awiriwa, tawuni yaing'ono imaoneka yoposa Mzuzu.

Mchinji si mzinda pa malamulo a dziko lino. Mizinda tili nayo inayi: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Nkhaniyo inene poyera kuti iyi ndi tawuni, likulu la boma. Njira yabwino ndi kukhala ndi nkhani ziwiri, ina ya tawuni, ina ya boma, iliyonse ikulozera owerenga ku inzake. Seminale ya Kachebere, sukulu ya atsikana ya Ludzi ndi mishoni ya Guilleme ndi za m'nkhani ya boma. M'nkhani ya tawuni zingangotchulidwa monga malo oyandikana nawo.

Zoyamba kulembedwa ndi ziti?

Zimene munthu wosadziwa chilichonse angafunse asanafunse china. Mchinji ali m'chigawo chapakati, kumadzulo kwa Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12. Kuchokera pa Boma kukafika pa chipata cholowera m'dziko la Zambia ndi makilomita pafupifupi 12. Bomali limachitanso malire ndi Mozambique. Mtsinje wa Bua umayambira m'dera lino. Chiwerengero cha anthu chilembedwe pamodzi ndi chaka chimene anawerengedwa, chifukwa nambala yopanda chaka imakalamba osadziwika. Pamenepa palibe mkangano.

Nanga kupitirira apo, tiyeza ndi chiyani kuti ichi chilowe, icho chitsale?

Muyezo umene ndimaukhulupirira ndi uwu: chinthucho chikachotsedwa, kodi wowerenga angamvetsebe chifukwa chake Mchinji ali mmene alili? Ngati angamvetse, chinthucho ndi chongowonjezera. Ngati sangamvetse, chiyenera kulowa, ndipo chipatsidwe malo okwanira.

Tiyese ndi malire. Imani pa depoti ya pa Boma m'mawa. Masiyenta akuitanira a ku boda, a kabaza amangirira matumba pa kaliyala, ndipo mukafika pa chipata mupeza anyamata atagwira mipukutu ya ndalama, kwacha ya kuno m'dzanja ili, kwacha ya Zambia m'dzanja ilo. Pamzere pali malole a simenti ndi a feteleza akudikira mapepala. Amayi ena akungodutsa wapansi kupita ku maliro a mbale wawo kutsidya. Chotsani malire m'nkhani ya Mchinji, zonsezi zisowa tanthauzo. Ndiye chifukwa chake mbiri ya njanji iyenera kulowa: njanji yochokera ku Lilongwe inafika ku Mchinji mu 1980 ndi thandizo la dziko la Canada, koma kachigawo kakafupi kopitirira ku Chipata kanatenga zaka makumi atatu, mpaka kanatsegulidwa mu Ogasiti 2010. Chiyenera kulowanso chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chimene apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula mu Disembala 2022, pomwe wapaulendo amadinditsa mapepala a mayiko onse awiri pamalo amodzi.

Pano pali msampha. Tsiku lotsegulira limalembedwa m'nyuzipepala zonse, koma zimene zinatsatira sizilembedwa kwenikweni. Sitima za pa njanji ya ku Chipata sizinayende pafupipafupi monga anthu ankayembekezera. Nkhani imene ingotchula mwambo wa 2010 n'kusiyira pomwepo ipangitsa wowerenga kuganiza kuti pa siteshoni ya Mchinji pali piringupiringu tsiku ndi tsiku.

Kodi mbiri iyambire pa Fort Manning, popeza ndilo dzina lakale?

Ayi, ngakhale mabuku ambiri amayambira pamenepo. Dzina la Fort Manning liyenera kulowa, chifukwa aliyense wofufuza m'mapepala a nthawi ya atsamunda adzalipeza, ndipo ayenera kudziwa kuti ndi malo omwewa. Linachokera kwa William Manning, msilikali wa Britain amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Ufulu utabwera, mayina otere anasinthidwa: Fort Johnston anakhala Mangochi, Port Herald anakhala Nsanje, Fort Hill anakhala Chitipa, Fort Manning anakhala Mchinji. Zoti Manning anakalamuliranso ku Jamaica ndi ku Ceylon ndi za m'nkhani yake mwini, sizitithandiza kumvetsa Mchinji.

Koma linga silimangidwa popanda anthu oliopseza. Achewa analipo kale, ndi maufumu awo monga wa Mkanda. Angoni, amene anawoloka Zambezi mu 1835 motsogoleredwa ndi Zwangendaba, anagawikana iye atamwalira, ndipo gulu la mwana wake Mpezeni linadzakhazikika m'dera limene lero ndi Chipata ndi mbali ina ya Mchinji. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Britain anathira nkhondo Angoniwa. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, anawomberedwa. Fort Manning ndi Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, ndi mayina a nthawi imeneyo.

Apa mawu osankhidwa ndi ofunika kwambiri. Mapepala a atsamunda amakonda kunena kuti anadzakhazikitsa bata. Wolemba akangokopera chiganizo chimenecho, watenga mbali osazindikira. Akalemba kuti Angoni anali anthu amtendere amene anangoputidwa, watenganso mbali, chifukwa Achewa ndi Ansenga amene midzi yawo inkafunkhidwa ali ndi mbiri yawo yosiyana. Insaikulopediya inene zimene zinachitika, anachita ndani, chaka chiti, ndipo pamene olemba mbiri akusiyana, inene kuti akusiyana.

Mbiri imeneyi ndi imene imafotokoza zimene tikuona lero. Mafumu a Chingoni a ku Mchinji, monga Zulu ndi Mlonyeni, amalemekeza Mpezeni amene ali ku Zambia, ndipo anthu awo amapita ku Ncwala ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale. Achewa amapita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, mwezi wa Ogasiti, kukaonekera kwa Kalonga Gawa Undi. Malire anadutsa pakati pa anthu amodzi. Nkhani yoyambira pa linga la mzungu singathe kufotokoza zimenezi.

Anthu ambiri kunja anamva za Mchinji chifukwa cha Madonna. Kodi iyeyo alowe?

Alowe, koma m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Ndi zoona kuti mu Okutobala 2006 woyimba wa ku America ameneyu anatenga mwana ku malo osamalira ana amasiye a Home of Hope ku Mchinji, ndipo nkhaniyo inautsa mtsutso waukulu pa malamulo a dziko lino okhudza alendo otenga ana, mpaka khoti lalikulu linavomereza mu 2008. Zinachitikadi, umboni ulipo wochuluka, ndipo wowerenga amene wabwera chifukwa cha nkhani imeneyi ayenera kuipeza.

Vuto ndi kukula kwa malo amene imatenga. Nyuzipepala za ku London ndi ku New York zinalemba za ulendo umenewu kambirimbiri, kotero wofufuza pa intaneti amapeza mulu wa nkhani za Madonna, koma zochepa za mtedza. Akatsata kuchuluka kwa zolembedwa, gawo lalikulu la mbiri ya Mchinji likhala la mlendo amene anakhalako maola owerengeka. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tsatanetsatane wa mlanduwo, zonena za maloya, moyo wa mwanayo, zonsezi zipite ku nkhani ya Madonna. Ndiponso banja la mwanayo ndi anthu wamba a kumudzi amene sanapemphe kutchuka. Mudzi wawo ndi mavuto awo sizofunika kuti munthu amvetse Mchinji.

Chimodzimodzi mkango umene unapha anthu oposa 30 m'dera la Fort Manning cha m'ma 1930. Nkhani imeneyi imakoma kufotokoza, ndipo ikhoza kulowa mwachidule, chifukwa ikuonetsa mmene dera linalili nkhalango zisanathe. Koma isakhale ndiyo mbiri yonse ya zaka za atsamunda, pamene za msonkho, za thangata ndi za amuna opita ku migodi ya ku Joni ndi ku Salisbury sizinatchulidwe.

Nanga chivomezi cha 1989, chimene ena amachiika m'mbiri ya Mchinji?

Ichi ndi chitsanzo cha nkhani yoona imene imasocheretsa ikaikidwa pamalo olakwika. Chivomezi cha pa 10 Malichi 1989 chinayambira kufupi ndi Salima. Malipoti amatchula anthu 9 amene anamwalira ndi pafupifupi 50,000 amene anasowa pokhala, koma manambala amenewo ndi a dera lonse limene linakhudzidwa, osati Mchinji yekha. Wolemba akati chivomezi chinagwedeza Mchinji n'kutsatiza manambalawo, wowerenga aganiza kuti onsewo anali a pa Boma, pamene tawuni yonse nthawi imeneyo inalibe anthu ochuluka chotero. Ngati chitchulidwa, zinenedwe bwinobwino kuti manambalawo ndi a kuti.

Ndi ziti zimene zimasiyidwa kawirikawiri pamene zinayenera kulowa?

Mu 2006, chaka chomwe Madonna anabwera, boma la Malawi mothandizidwa ndi UNICEF linayamba kuyesa ku Mchinji ndondomeko yopereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito: agogo olera zidzukulu, ana olera anzawo, odwala matenda a mgonagona. Imeneyi ndiyo Mtukula Pakhomo, imene pambuyo pake inafalikira m'maboma onse 28. Ofufuza a m'mayiko ambiri analemba za zimene zinapezeka ku Mchinji. Ikani zinthu ziwirizi pamodzi, ulendo wa woyimba ndi chiyambi cha Mtukula Pakhomo, ndipo dzifunseni kuti chimene chinasintha miyoyo ya anthu ambiri ndi chiti. Kwa ine, Mtukula Pakhomo ayenera ndime yathunthu.

Palinso kafukufuku wa MaiMwana, amene anayesa ngati magulu a amayi a m'midzi ndi alangizi ongodzipereka angachepetse imfa za amayi ndi makanda. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013. Pali Kachebere, kumene ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni mu 1903, ndipo seminale yake, imene inayamba mu 1939, inaphunzitsa ansembe a ku Malawi ndi a ku Zambia.

Koposa zonse pali ulimi. Pitani pa Kamwendo nyengo yokolola muone masikelo a mavenda atapachikidwa m'mbali mwa msewu, matumba a mtedza ndi soya ataunjikidwa, mlimi akuyang'anitsitsa muvi wa sikelo chifukwa sakuukhulupirira. Mtedza wa Chalimbana ndi CG7, fodya wa bale, chimanga: izi ndizo zimalipira fizi, kugula malata ndi kudzaza minibasi. Nkhani ya chuku chimene chimalepheretsa mtedza wathu kulowa m'misika ya ku Ulaya, ndi nkhani ya ma esiteti a fodya amene anatenga malo ambiri kuyambira m'ma 1970, zikufotokoza Mchinji kuposa dzina la mlendo aliyense.

Agogo anga anandiuza mbiri ya mudzi wathu. Bwanji akukana kuti ndiilembemo?

Funso ili ndi lopweteka, ndipo wofunsayo ali ndi chifukwa chodandaulira. Lamulo la insaikulopediya monga Wikipedia ndi lakuti chilichonse cholembedwa chikhale choti munthu wina angakachipeze m'buku, m'nyuzipepala kapena m'lipoti lodalirika. Lamuloli lili ndi nzeru yake. Popanda ilo, mbali ziwiri zolimbirana ufumu zikhoza kumalemba ndi kufufutirana tsiku lililonse, aliyense akuti agogo ake ndiwo ankadziwa zoona.

Koma lamulo lomweli limatipondereza, chifukwa amene anayamba kulemba za dera lino anali ma DC, amishoni ndi ofufuza ochokera kunja. Zawo zili m'mabuku, zathu zili m'mitu ya anthu amene akutha. Njira yake si kuthyola lamulo, koma kusamutsa mbiriyo kuti ikhale yolembedwa. Samuel Ntara anachita zimenezi m'ma 1940 pamene anasonkhanitsa zonena za akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa, ndipo lero buku limenelo ndi umboni umene olemba mbiri amautchula. Wophunzira wa ku yunivesite akhoza kujambula mawu a agogowo n'kulemba kafukufuku. Wailesi ya Mudzi Wathu ikhoza kuulutsa ndi kusunga mapulogalamu a mbiri za midzi. Society of Malawi Journal imasindikiza nkhani zotere.

Ndipo umboni wolembedwa kale ulipo woposa umene anthu amaugwiritsa ntchito: malipoti a kalembera a National Statistical Office, mabuku a khonsolo ofotokoza za chuma ndi umoyo wa anthu m'boma, mafayilo a ku National Archives ku Zomba, ndi buku la J. A. Barnes la mu 1954 lonena za Angoni a Mpezeni. Zambiri mwa izi sizili pa intaneti, koma lamulo silinena kuti umboni ukhale wa pa intaneti.

Gule wamkulu alowe mpaka pati?

Alowe monga mwambo wamoyo wa Achewa a m'bomali, umene UNESCO inauzindikira mu 2005; ilowenso ingoma ya Angoni. Nkhani inene kuti amavinidwa pa maliro, pa ziliza, pa chinamwali ndi polonga ufumu. Za kudambwe, zimene wometa yekha ayenera kudziwa, ine ndingazisiye. Ena anganene kuti zina mwa izo zinasindikizidwa kale m'mabuku a ofufuza. N'zoona, koma kupezeka kwa umboni sikukakamiza munthu kulemba. Funso lija libwerenso: kodi wowerenga akufunika chinsinsi chimenecho kuti amvetse Mchinji? Sakufunika.

Pa mndandanda wa anthu otchuka tiikepo ndani?

Amene ntchito yawo inadziwika kupitirira mudzi wawo, ndipo kugwirizana kwawo ndi Mchinji kuli ndi umboni. Malemu Tarcisius Ziyaye, amene anabadwira m'bomali mu 1949 n'kudzakhala Arkiepiskopi wa Blantyre kenako wa Lilongwe, ndi chitsanzo chabwino. Mwini golosale wamkulu pa Boma, ngakhale atathandiza anthu chotani, salowa pokhapokha ena osakhudzana naye atalemba za iye mozama. Wolemba asadziike yekha, asaike malume ake. Aphungu atchulidwe ndi zaka zimene anatumikira, popanda mawu owatamanda kapena owanyoza, makamaka chaka cha zisankho.

Malo ogona alendo, mitengo ya minibasi, nambala za foni za maofesi?

Izi zitsale. Zimasintha mwezi uliwonse, ndipo zimasandutsa nkhani kukhala chikwangwani cha malonda. Kunena kuti pali minibasi zoyenda pakati pa Mchinji ndi Lilongwe n'kokwanira.

Zochititsa manyazi, monga kuzembetsa katundu pa malire, tizibise?

Tisazibise. Aliyense wa kuno amadziwa kuti pali njira zachidule zimene chimanga, feteleza, shuga ndi mafuta zimadutsira usiku, mbali imene zikulowera ikutengera kumene mtengo wakwera chaka chimenecho. Amadziwanso za ana amene amatengedwa kukagwira ntchito m'minda ya fodya, kuno ndi kutsidya, ndi za atsikana osiya sukulu chifukwa cha banja. Nkhani yongotamanda boma lathu wowerenga wanzeru saikhulupirira, ndipo akaikayikira pa chimodzi amaikayikira pa zonse.

Koma pali kalembedwe kake. Zilembedwe monga vuto limene malipoti odalirika afotokoza, ndi chaka chake, ndi zimene zikuchitika pothana nalo. Dzina la munthu amene wangoganiziridwa, khoti lisanagamule, lisalowe. Mlandu umodzi umene unamveka sabata imodzi usasanduke chizindikiro cha boma lonse. Ndipo mawu onena kuti anthu a ku Mchinji ndi otere, kaya ndi oyamikira kaya ndi onyoza, alibe malo, chifukwa palibe umboni umene ungatsimikize khalidwe la anthu 602,305.

Kodi nkhani ya m'Chichewa ingomasuliridwa kuchokera ku ya Chingerezi?

Kumasulira ndi poyambira pabwino, makamaka popeza Wikipedia ya Chichewa ili ndi nkhani zosakwana 2,000 pamene ya Chingerezi ili ndi mamiliyoni. Koma owerenga ake ndi osiyana. Wowerenga Chingerezi amafuna kuuzidwa kuti Malawi ali kuti ndi kuti nsima n'chiyani. Wowerenga Chichewa, kaya ali ku Kapiri, ku Chipata kapena ku Tete, amadziwa kale zimenezo. Iye afuna mayina a mafumu onse, Mkanda, Dambe, Mavwere, Mduwa, Zulu, Mlonyeni, Kapondo, Simphasi, Nyoka ndi ena, olembedwa molondola, ndi dera la aliyense. Afuna kudziwa masiku a misika ikuluikulu, kumene kumayankhulidwa Chinsenga, zipatala za mishoni ndi za boma, ndi mitsinje imene imathira mu Bua. Wolemba m'Chichewa ali pafupi ndi ofesi ya khonsolo kumene mayina ndi malire a mafumuwa analembedwa, choncho akhoza kukawatenga ndi umboni wake, ndipo amene akulemba ya Chingerezi adzamasulire kuchokera kwa iye.